Buku lachiwiri lafika, loyamba mwaliiwala: mulowera khomo liti?

Masamba pafupifupi 200 oyamba a buku lachiwiri ndinawawerenga nditakwiyira munthu yemwe sanalakwe kanthu. Dzina la bukulo sinditchula, kuopa kuwonongera anzanga omwe sanalifike, koma mtundu wake mukuudziwa. Mtsikana wokulira kutali ndi nyumba yachifumu apezeka kuti ndiye mlowam'malo, matsenga ali m'magazi mwake, ndipo mnyamata yemwe anapatsidwa ntchito yomulondera ndi amene mtima wake wafera. Buku loyamba linatha mtsikanayo atavala chisoti chachifumu, mnyamatayo atagwada n'kulumbira pa mphete ya ufumu. Ndinalitseka ndikumwetulira. Kenaka panapita chaka ndi miyezi ingapo lachiwiri lisanatuluke.

M'lachiwirimo mnyamata uja anangoti pakamwa tseke. Mfumukazi ikamufunsa funso, iye amazolika, mwina kutuluka m'chipindamo osayankha. Ndinati basi mlembi wamuwononga, wamusandutsa mwamuna wouma mtima pofuna kungotalikitsa nkhani. Ndinafika pouza mnzanga wina kuti bukuli ndalisiya. Iye anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Kodi iwe, lumbiro la pa mphete lija waiwala kuti limatani?" Ndinali nditaiwaladi. Penapake pakati pa buku loyamba, m'ndime ziwiri zokha, nkhalamba ina ya kunyumba yachifumu inafotokoza kuti wolumbira pa mpheteyo sangathe kunamiza wovala chisoti. Akatsegula pakamwa, zotuluka ndi zoona zokhazokha. Tsono mnyamatayo anali ndi chinsinsi choti chikanaululika, mfumukaziyo ikanaphedwa. Kukhala duu kuja ndiye chinali chikondicho, ndipo ine masamba 200 onsewo ndinkawerenga nkhani ina, osati yomwe inalembedwa.

Kuyambira pamenepo, ndisanaweruze buku lotsatira ndimayamba ndadzifunsa kuti ndalowamo bwanji. Makomo alipo angapo ndipo pafupifupi onse ndawayesapo. Koma kuti muone lomwe likukuyenerani, muyambe mwadziwa chomwe munthu amaiwala akamadikira. Zochitika zikuluzikulu siziiwalika: yemwe anafa, nkhondo ya kumapeto, usiku womwe awiriwo anapsompsonana koyamba. Zomwe zimapulumuka ndi malamulo a matsenga komanso ngongole za kubwalo la mfumu. Mphamvu ija imalipidwa ndi chiyani? Nduna ija inalonjeza chiyani kwa yani? Bwanji mabanja awiri aja sapatsana moni? Ndipo pamenepa ndi pomwe buku lachiwiri limatsamira. Loyamba linkakokedwa ndi funso limodzi, loti kodi awiriwa adzakondana. Funsolo linayankhidwa. Kuti nkhani ipitirire, mlembi amafuna chotchinga chatsopano, ndipo amachitenga m'ndale za ufumu ndi m'mtengo wa matsenga, zomwe zija munkazidumphadumpha pothamangira kuona ngati akumananso.

Mu 1885 katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zomwe anapeza atadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo. Anaona kuti munthu amaiwala zambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira, kenaka kuiwalako kumayamba kuchedwa. Ndikaona maina a atengambali a m'mabukuwa, odzaza zilembo zoti lilime silidziwa poyambira, ndimati timawu take tija ndi tomweti. Koma anapezanso china chotonthoza: chomwe unachiphunzirapo n'kuchiiwala sichivuta kuchiphunziranso ngati mmene chinavutira poyamba. Choncho simufunika kuyambiranso zonse. Mukufunika chokumbutsa choyenera basi.

Khomo loyamba ndi lomwe ndinalowera ine: kungotsegula lachiwiri n'kuyamba. Ngati loyamba mwalimaliza sabata yatha kapena mwezi watha, musavutike ndi zina zonse zomwe ndilembe pansipa, lowani. Moto udakali woyaka, ndipo palibe chokoma kuposa kuchoka pa tsamba lomaliza la buku ili n'kugwera pa loyamba la linzake usiku womwewo. Koma pakadutsa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, njirayi imanyenga. Alembi ambiri amamwaza tizikumbutso m'mitu yoyambirira, chiganizo apa, ndime apo, ndipo munthu umadzimva ngati wakumbukira zonse. Tizikumbutsoti kawirikawiri timanena za zochitika. Lamulo lomwe mlembi akufuna kudzakudzidzimutsa nalo kumapeto salibwereza mokweza, chifukwa akatero waulula yekha msampha wake.

Khomo lachiwiri ndi la anthu odekha: kubwereza buku loyamba lonse. Apa tiwerengetsere nthawi. Mu 2019 Marc Brysbaert wa ku Ghent University ku Belgium anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa liwiro la kuwerenga, n'kupeza kuti munthu wamkulu wowerenga nkhani yopeka ya m'Chingerezi chamumtima amawerenga mawu pafupifupi 260 pa mphindi. Mabuku a mtundu uwu sakhala opyapyala. Titenge la mawu 150,000: amenewo ndi maola pafupifupi 10 osadukiza, ndipo kwa ife omwe Chingerezi tinachipeza kusukulu nthawiyo imatha kukwera. Ngati mumawerenga theka la ola musanagone, ndiye kuti buku latsopano likhala pa tebulo masabata atatu likukuyang'anani.

Phindu lake ndi lenileni, sindikana. Pobwereza umaona zomwe unaziphonya: mdzakazi yemwe pambuyo pake anadzapezeka kuti ndi kazitape amaoneka kale akumvetsera kuseri kwa chitseko pa mutu wachinayi, ndipo umadabwa kuti maso ako anali kuti. Kwa munthu wokonda luso la mlembi, kubwereza kumakoma kuposa ulendo woyamba. Koma pali choipa china chomwe anthu satchulatchula. Buku loyamba ndi la kufunana: kuyang'anana mobisa, kukangana kosatha, dzanja kukhudza dzanja mwangozi. Ukangotuluka m'menemo n'kulowa m'lachiwiri, momwe awiriwo akukangana za msonkho, za kazembe wa dziko loyandikana nalo ndi za ukwati wandale womwe nduna zikukakamiza, lachiwirilo limaoneka lozizira kuposa mmene lilili. Waliyerekeza ndi mkulu wake pomwe ntchito zawo n'zosiyana. Ndinachitapo zimenezi ndi mndandanda wina wa mabuku otsatizana, ndipo ndinafika pa buku latsopano nditatopa kale ndi dzikolo, maina ake ndi nyengo yake yozizira yosatha. Njirayi ndimaisungira mabuku omwe ndimawakondadi, oti ndikanawabwereza ngakhale pakanapanda lotsatira.

Khomo lachitatu ndi lachidule, ndipo ndi lomwe ambiri amathamangira: kufufuza pa intaneti chidule cha buku loyamba. Mphindi khumi zokha mwamaliza. Zilipo zolembedwa, zilipo za pa YouTube ndi pa TikTok, pomwe okonda mabuku a mtundu uwu, omwe masiku ano akuutcha kuti romantasy, amachuluka kwambiri. Mavuto ake ndi awiri, ndipo loyamba ndi lodziwika. Mukalemba dzina la mtengambali pa Google, musanamalize n'komwe, makinawo amakumalizirani ndi mawu omwe anthu ena akhala akufufuza, ndipo nthawi zina mawuwo ndi akuti "wamwalira" kapena "wapereka mnzake". Masamba olembedwa ndi okonda mndandandawo, monga a pa Fandom, amaika m'kabokosi ka pambali ngati munthuyo ali moyo kapena ayi, komanso yemwe anakwatirana naye, potengera buku laposachedwa. Munabwera kudzakumbutsidwa za buku loyamba, mwabwerera mutadziwa maliro a m'buku lachitatu.

Ena amati kudziwiratu mathero sikuwononga kanthu, ndipo ali ndi pogwira. Mu 2011 Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld a ku University of California, San Diego, anapatsa anthu nkhani zoti awerenge, ena atauzidwiratu mathero, ena ayi, ndipo anapeza kuti ouzidwiratuwo anasangalala nazo mopitirirako pang'ono. Koma zinali nkhani zifupizifupi, zowerenga pa nthawi imodzi. Si chimodzimodzi ndi kukhala chaka chathunthu ukudzifunsa ngati kalonga uja adzabwerera kuchokera ku ukapolo, kenaka wina n'kukuuza pa mzere umodzi wa ndemanga.

Vuto lachiwiri ndi lomwe limandikhudza kwambiri ine. Wolemba chidule amasankha zomwe zinali zazikulu m'buku loyamba, osati zomwe zidzakhale zazikulu m'lachiwiri. Nditamaliza buku langa lija ndinakafufuza zidule zitatu kuti ndione. Zonse zinanena kuti mnyamatayo analumbira pa mphete. Palibe ngakhale chimodzi chomwe chinanena zomwe lumbirolo limachita. Chidule chimakupatsani mafupa, pomwe inu chomwe mwataya ndi mitsempha yolumikiza mafupawo. Ngati mwasankhabe njirayi, funani chomwe chinalembedwa buku lachiwiri lisanatuluke, onani tsiku lake, ndipo musatsike kukawerenga ndemanga za pansi. Chabwino koposa ndi chidule chomwe alembi ena amaika okha kumayambiriro kwa buku lotsatira kapena pa tsamba lawo la pa intaneti, poti mwini nkhani amadziwa chomwe mufunika kunyamula. Zofunsa mapulogalamu a AI kuti akufotokozereni, chenjerani nazo: amatha kusakaniza mabuku a mndandanda umodzi, kapena kupeka zomwe mulibemo, n'kuzinena molimba mtima.

Khomo lachinayi ndinalipeza mochedwa ndipo linandidabwitsa: kumvetsera buku loyamba m'malo molibwereza ndi maso. Owerenga mabuku omvetsera amayenda pang'onopang'ono, mawu pafupifupi 150 mpaka 160 pa mphindi, choncho buku lathu lija la mawu 150,000 limatenga maola pafupifupi 16. Poyamba zimaoneka ngati mwaluza. Koma mapulogalamu monga Audible amalola kuwonjezera liwiro, ndipo mukaika pa 1.5 maolawo amatsika kufika pafupifupi 11. Chachikulu n'chakuti maola amenewa simuwachotsa pa nthawi yanu yowerenga. Mumamvetsera mukuchapa, mukuyenda, muli pa ulendo. Popeza nkhaniyo mukuidziwa kale, maganizo akathawa kwa mphindi ziwiri simusochera. Ndipo khutu silidumpha ndime ngati mmene limachitira diso. Ndime ziwiri za nkhalamba ija, zomwe ndinazidutsa mothamanga pofuna kufika pa mavinidwe a kunyumba yachifumu, wowerenga amazitchula zonse, liwu ndi liwu, ufune usafune.

Kumvetsera buku lachiwirilo koyamba ndi nkhani ina. Kumeneko ndimakayika. Mabukuwa amakhala ndi mapu kumayambiriro, ena ndi mzere wa mibadwo ya banja lachifumu, ndipo pamene nduna zisanu ndi ziwiri zakhala pa tebulo limodzi, iliyonse ndi chiwembu chake, umafuna kubwerera masamba atatu kuti uone kuti wanena mawu aja ndani. Ndi khutu zimenezi n'zovuta. Palinso kakhumudwitso kena kakang'ono: dzina lomwe wakhala ukulitchula mwanjira yako mumtima kwa chaka chonse, wowerengayo amalitchula mwina, ndipo kwa maola angapo zimakhala ngati m'nkhanimo mwalowa mlendo. Mawu a mwamunayo akapanda kugwirizana ndi omwe unkawamva m'mutu mwako, chikondi chonse chimazilala. Yambani mwamvetsera kachigawo kaulere musanagule. Ndipo mukafika pa mitu ija ya kuchipinda, onetsetsani kuti mahedifoni alumikizikadi. Zinandionekerapo pagulu, sindionjezera.

Tsono pali anzanga ena omwe anatopa ndi zonsezi n'kusankha khomo lachisanu: sayamba mndandanda uliwonse mpaka buku lomaliza litatuluka. Ndimawamvetsa. Buku lachiwiri, makamaka pa mndandanda wa mabuku atatu, limakonda kukusiya m'malere: mfumukazi yagwidwa, wokondedwa wake akuganiza kuti yafa, tsamba latha. Luso limeneli ndi lakalekale, ndipo n'lochokera kunyumba yachifumu komweko. Mu nthano za One Thousand and One Nights, Scheherazade ankadula nkhani pakati kukamacha kuti Mfumu Shahryar isamuphe isanamve mathero. Kusiyana kwake n'kwakuti mfumuyo inkadikira tsiku limodzi. Owerenga The Lord of the Rings, yomwe J.R.R. Tolkien anailemba ngati nkhani imodzi koma osindikiza anaigawa patatu, analandira gawo lachiwiri mu November 1954 ndipo lachitatu mu October 1955, chaka chisanathe. Koma owerenga George R.R. Martin analandira buku lachisanu la mndandanda wake mu 2011, ndipo zaka zoposa khumi zinadutsa lachisanu ndi chimodzi osaoneka. Wodikira mndandanda uthe amapewa ululu wotere, ndipo vuto la kuiwala sakumana nalo n'komwe, poti amawerenga onse motsatizana.

Mtengo wake ndi wakuti amawerenga yekha. Theka la kukoma kwa mabukuwa lili m'miyezi ya pakati ija, pamene mukukangana ndi anzanu ngati mlondayo ndi wachinyengo kapena ayi, ngati kalonga wa dziko lina yemwe walowerera pakati pa awiriwo ndi woyenera kumukhulupirira. (Za mtsikana wokhala ndi amuna awiri omufuna, zomwe mabuku achiwiri amazikonda kwambiri, ine ndinatopa nazo. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa kawirikawiri ndi wowerenga.) Wodikirayo amayeneranso kuthawa intaneti kwa zaka, zomwe sizitheka, moti pofika nthawi yoyamba kuwerenga amakhala atamva kale yemwe adzakhale pa mpando. Komanso osindikiza amayang'ana mmene mabuku oyamba agulidwira posankha zopitiriza mndandanda. Tonse titati tidikire, mindandanda ina ya alembi ongoyamba kumene singafike kumapeto. Njirayi ndi ya munthu yemwe kusiyidwa m'malere kumamusowetsadi tulo, kapena yemwe ali ndi mulu wa mabuku ena omudikira.

Yomwe ndimatsata ine tsopano ndi yosakaniza, ndipo imanditengera madzulo awiri. Ndimabwereza gawo lomaliza mwa magawo anayi a buku loyamba, kuyambira pomwe zinthu zimayamba kuthina mpaka kumapeto. Pamenepo ndi pomwe ngongole zambiri zimapangidwa: malumbiro, kuperekana, imfa zofuna kubwezera. Pamabweranso kutentha kwa mtima kuja, koma mosafika potopetsa. Kenaka ndimasaka malo omwe matsenga anafotokozedwa. Ngati bukulo lili pa foni kapena pa Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku, apa ndi pomwe limaposa la pepala: ndimalemba liwu limodzi m'malo ofufuzira, monga dzina la mphete, la temberero kapena la mulungu wawo, ndipo malo onse omwe liwulo linatchulidwa amandandalikidwa. Ndimawerenga ndime zozungulira malo amenewo basi. Ndi buku la pepala ndimayang'ana mitu yomwe mtengambali wamkulu akuphunzitsidwa ndi wina wachikulire, poti alembi amakonda kubisa malamulo m'kamwa mwa aphunzitsi, ansembe ndi osunga mabuku a mfumu. Nthawi zambiri mitu imeneyi imakhala chakumayambiriro kapena pakati, pomwe nkhani imaoneka ngati yaima.

Njirayi ili ndi pofooka pake. Imafuna kuti buku loyamba likhale lidakali m'manja mwanu, ndipo ngati munabwereka kapena munabwereketsa kwa munthu wosabweza, mubwerera ku chidule basi. Imathanso kuphonya kanthu kakang'ono komwe mlembi anakabisa m'nthabwala ya pa mutu wachiwiri. Pamenepa mnzanu yemwe wawerenga kale onse awiri amaposa njira zonsezi, bola akhale wodziwa kusunga pakamwa. Funso lomufunsa si lakuti "chinachitika n'chiyani?" Mufunseni kuti, "N'chiyani cha m'buku loyamba chomwe ndiyenera kukumbukira?" Mnzanga uja akanandiyankha ndi chiganizo chimodzi ndikanamufunsa ndisanayambe.

Kunena mwachindunji: mwamaliza loyamba posachedwa, lowani. Papita chaka ndipo nthawi ya makutu muli nayo yambiri kuposa ya maso, mvetserani loyambalo. Papita chaka ndipo mtima sukupirira, tengani madzulo awiri aja. Kubwereza lonse n'kwa buku la pamtima, ndipo chidule cha pa intaneti ndimachiika kumapeto kwenikweni, ngakhale ndicho chofulumira.

Buku lachiwiri lija ndinaliyambiranso pa tsamba loyamba nditadziwa za lumbiro. Linali buku lina. Pali malo pomwe mfumukazi ikufunsa mnyamatayo kuti, ngati sakuikondanso, angonena. Iye akutsegula pakamwa, n'kutsekanso, n'kuluma mlomo mpaka magazi. Ulendo woyamba ndinapukusa mutu n'kunena kuti zachibwana. Ulendo wachiwiri ndinaika buku pansi kaye. Silinali langwiro, ayi: pakati pake pali ulendo wa pa nyanja wa mitu isanu womwe ukanatha kukhala umodzi, ndipo kalonga wachilendo wolowerera pakati pa awiriwo analowetsedwa mokakamiza. Koma zomwe ndinkalidera poyamba sizinali zolakwa zake.

Nditalimaliza, ndisanaliike pa shelefu, ndinatenga kapepala n'kulemba zomwe ndikudziwa kuti pofika chaka chamawa zidzakhala zitauluka. Za yemwe wafa sindinalembe, zimenezo sindingaiwale. Ndinalemba kuti matsenga a mfumukazi amafooka ikatuluka m'malire a dziko lake, kuti nduna ya chuma ili ndi ngongole ya moyo kwa kalonga wachilendo, ndi kuti lumbiro limatha pokhapokha mphete ikasintha mwini. Kapepalako ndinakapinda n'kukaika kuseri kwa chikuto chakumapeto. Mzere womaliza ndinaudula kawiri kunsi kwake: mphete tsopano ili ndi mng'ono wake wa mfumukazi, ndipo mnyamata uja sakudziwa.